Wotchi ya Bambo Yalowa mu Filimu

Ndikanadziwa, Lamlungu lija ndikanangokhala pakhomo n'kumachapa makatani. Koma Makutu anali atandinyengerera sabata yonse kuti tikaonere filimu imene iye anajambulako mawu, ndipo ine, mkazi wa chikondi chopanda mabuleki, ndinavala diresi langa lobiriwira n'kumutsatira.

Dzina loti Makutu anamupatsa ndi anzake a kuntchito, chifukwa sayenda opanda mahedifoni m'khosi. Tinali titatha zaka ziwiri tili pa chibwenzi, ndipo Loweruka lotsatira amalume ake ankayenera kubwera kwathu kudzaonana ndi makolo anga. Kuti Bambo avomere zimenezo panapita miyezi isanu ndi misozi yanga yambiri. Bambo ndi mkulu wa nkhani ku wailesi ya kanema, ndipo kwa iwo mnyamata wonyamula ndodo ya maikolofoni si mkamwini, ndi katundu wa kuntchito.

Holo inadzaza mpaka ena anakhala pamasitepe. Filimuyo, yotchedwa Zimitsani Kamera, inali pakamwa pa aliyense. Ndi nkhani ya moto umene unabuka m'fakitale ya matiresi mwini wake atakhoma chitseko ndi loko kunja, ati kuopa kuti antchito angamazembe. Wojambula wa kanema anamujambula lokoyo, koma nkhani itaulutsidwa madzulo, loko sanaoneke. Mkulu wa nkhani anali atamudula.

Anthu sankaonera mwakachetechete ayi. Amayi ena kumbuyo kwathu ankalangiza mtolankhani wamkazi wa m'filimuyo ngati mwana wobereka okha.

"Usasaine, mwanawe! Akupusitsa amenewo, usasaine!"

"Ndi mmene amatiphikira nkhani tsiku lililonse," anatero bambo wina chapatsogolo, mbuliwuli zili m'kamwa. "Ife n'kumadya, n'kumathokoza."

Nanenso ndinkaseka nawo, dzanja langa lili m'dzanja la Makutu. Kenako mlongo wa mmodzi mwa antchito amene anafa pamotowo anafunsa mkulu wa nkhani uja kuti, "Kodi loko uja munamuona?" Mkuluyo anamasula wotchi kudzanja lamanzere, n'kuimanga kudzanja lamanja, n'kunena mofatsa kuti, "Kunalibe loko, mayi."

Koyamba anthu sanalabadire. Atachita kachiwiri, ena anaseka. Pofika kachitatu holo yonse inali itagwira mfundo, ndipo zala zake zitangofika pa lamba wa wotchi, anthu anakuwa pamodzi: "Wotchi! Wotchi! Akunama!"

Ine sindinakuwe nawo. Amene amachita zimenezo ndi Bambo anga. Kuyambira ndili mwana, akamati jakisoni sapweteka, akamauza alendo obwera mwadzidzidzi kuti asangalala kuwaona, wotchi inkasamuka dzanja eni ake osadziwa n'komwe. Ine ndi Amayi tinkangoyang'anizana n'kubisa kuseka. Chinali chinsinsi cha m'nyumba mwathu, ndipo ndinachiululapo kwa munthu mmodzi yekha, tsiku lina titabisala mvula pamalo odikirira basi. Ndinachotsa dzanja langa m'dzanja la Makutu.

Kumapeto, sewero linaima, pakhoma panalembedwa kuti zithunzi zotsatirazi si sewero. Zinali zakale, zamizeremizere, masekondi khumi ndi awiri okha: chitseko chachitsulo, utsi ukutuluka pansi pake, ndi loko wamkulu atapachikika. Holo inati zii. Kenako anthu anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja, ena akupukuta misozi. Pa mndandanda wa mayina ndinaona mawu awiri okha amene ndinkafuna: Wolemba, Mboni.

* * *

"Wandithawa bwanji?" anafunsa Makutu atandipeza panja, pafupi ndi pogulitsira matikiti.

"Za wotchi zija anawauza ndani?"

"Ine ndimajambula mawu, sindilemba."

"Sindinakufunse ntchito yako. Ndakufunsa kuti anawauza ndani."

"Zinabwera zolembedwa kale m'mapepala."

"Ndiye unaziona kalekale! Miyezi yonseyi ukumwa tiyi kwathu, ukugwada kuti Bambo mwaswera bwanji, osanditsina khutu n'komwe?"

"Ndimafuna uione wekha, anthu ena asanakuuze mokhota."

"Mboni ndi ndani?"

Anayang'ana pansi, n'kuyamba kupotokola chingwe cha mahedifoni. "Ndinalonjeza."

"Ndiye ukumudziwa."

"Ndikumudziwa. Koma si ine, ndikhulupirire."

Ndinayang'ana manja ake onse awiri. Tsoka lake, Makutu savala wotchi.

Ngati kuti zimenezo zinali zochepa, panatulukira Zanyengo, mtsikana wolengeza za mvula ndi mphepo pa kanema wa Bambo. Anali chibwenzi cha Makutu ine ndisanabwere, ndipo mpaka lero amandiyang'ana ngati ndinavala diresi lake osapempha.

"Mwaiona bwanji filimu, achemwali?" anatero akumwetulira ndi mano onse. "Mkulu wa nkhani uja sakufanana ndi munthu wina amene timamudziwa?" Anakonza kolala ya Makutu ndi zala ziwiri, n'kumapita akugogoda nsapato.

Ndinakwera basi ndekha, ndipo sindinacheuke.

* * *

Lolemba nthabwala ija inali itafika kale mumsewu. Mu basi yobwerera kunyumba, kondakitala atanena kuti malo akadalipo ambiri, mayi wina anakuwa kuti "Wotchi!" ndipo basi yonse inafa ndi phwete. Ndinaphimba ndi chikwama wotchi yanga, imene Bambo anandigulira nditamaliza sukulu, ngati kuti nayonso ili ndi mlandu.

Bambo anaweruka dzuwa likadalipo, zomwe sachitachita. Sanapereke moni. Analowa kuchipinda, ndipo tinamva akukoka sutikesi yakale imene imakhala pamwamba pa kabati ya zovala. Amayi anali pabalaza akusokerera batani pa malaya, pansi pa chithunzi cha malume anga, mlongo wawo, amene anamwalira pa ngozi ya kuntchito ine ndili ndi zaka zitatu. Sanatukule mutu.

Bambo anatuluka maso ali psu.

"Lero patebulo langa ndapezapo mawotchi anayi akutha," anatero. "Ana amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira kamera akundiseka m'makonde. Ndiye ndabwera kudzaona m'sutikesi mwanga, tepi yanga ya moto uja mulibe. Ndani analowako kuchipinda kuja amene si wa m'nyumba muno?"

Chaka chatha fani ya kudenga itawonongeka, ndine amene ndinaitana Makutu kuti adzaikonze, ndikufuna aoneke waluso pamaso pa Bambo. Anakhala m'chipindamo ola lathunthu ataimirira pampando, mutu wake uli pafupi ndi sutikesi ija.

"Yankha, iwe!"

"Makutu, Bambo. Tsiku la fani lija."

"Ndinanena ine! Munkati ndimadana ndi anthu. Amalume akewo Loweruka asayerekeze kuponda pano. Ndipo ukamuuze kuti ndamupatsa mpaka Lachinayi m'mawa. Abweze tepi yanga, alembe kalata yopepesa, apo ayi ndikamusiya m'manja mwa apolisi. Kuba ndi kuba, kaya anthu akuwombera m'manja."

Ndinali ndi mantha, koma funso linali litandikhala pakhosi kuyambira Lamlungu.

"Bambo, loko uja analipo?"

"Mafilimu ndi bodza, mwana wanga. Kunalibe loko."

Zala zawo zinali zitamasula kale lamba wa wotchi. Anazindikira, anaima, kenako anaiponya m'thumba la buluku n'kubwerera kuchipinda. Amayi anadula ulusi ndi mano, n'kutenga batani lina.

* * *

Lachiwiri Makutu anaimba foni kakhumi ndi kanayi. Sindinayankhe. Ndinangomutumizira mawu a Bambo monga anawanenera, ndipo iye anayankha kuti: "Tepi sindinabe. Ndimakukonda. Zina sindinganene." Ndinawerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse mawu omalizawo ankandipweteka kuposa oyamba.

Chakumasana kunabwera uthenga wochokera ku nambala ya Zanyengo, imene ndinailemba m'foni kuti Mphepo Yoipa.

"Achemwali, si nkhani yanga, koma ndikukumverani chisoni. Lachitatu lililonse 2 koloko masana, mwamuna wanu amalowetsa mkazi wina m'holo kudzera khomo la kumbali. Amakhala mzere wakumbuyo. Mpango wakuda, magalasi akuda. Sabata yachitatu ino."

"Ukundiuziranji?" ndinalemba.

"Ntchito yanga ndi kuchenjeza anthu mvula isanagwe."

Ndinadziwa kuti Zanyengo sachita chifundo chaulere, koma nsanje siisankha wonena. Mutu wanga unayamba kusoka nkhani yonse bwinobwino. Mboni ndi mkazi, wophunzira, wodziwa kulemba. Makutu ankatola zinsinsi za kwathu n'kukamupatsa, onse awiri akuseka. Ine ndinali khomo chabe lolowera m'nyumba ya mkulu wa nkhani. Ndinakumbukira mmene ankakondera kufunsa za ubwana wanga, mmene ankathamangira kunyamulira Amayi dengu, ndipo chilichonse chimene kale ndinkachitcha chikondi chinayamba kuoneka ngati ntchito. Ndinalira mpaka mutu unapweteka, kenako ndinasita diresi lija lobiriwira. Ngati ndikukataya mwamuna, ndikamutaye nditatchena.

* * *

Lachitatu ndinapempha kuntchito kuti ndikupita kwa dokotala wa mano. Kunyumba kunalibe wondifunsa, chifukwa Lachitatu masana Amayi amapita ku kwaya.

Ndinalowa m'holo magetsi atazima kale, n'kukhala pakona, mizere iwiri kuchokera kumbuyo. Ngakhale pakati pa sabata anthu anali ambiri, ena akuonera kachitatu, akuuziratu anzawo zomwe zikubwera. Khomo la kumbali linatseguka pang'ono. Analowa Makutu, atagwira mkono wa mkazi wa mpango wakuda, akumuunikira masitepe ndi foni. Ine sanandiunikirepo masitepe chiyambire.

Filimu sindinaione. Maso anga anali pa iwo. Mkaziyo anakhala chowongoka, manja pamiyendo. Pamene mlongo wa m'filimu uja ankayamba kulankhula, kuwala kwa pakhoma kunagwera pa milomo ya mkaziyo, ndipo ndinaona kuti akunena mawu omwewo wosewera asanawatchule. Ndiye Mboni ndi ameneyu basi. Loko ataoneka, mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo Makutu anamupatsa kampango kopukutira misozi kamene ndinamugulira ine.

Anthu ataimirira kuti awombe m'manja, awiriwo anazemba kudzera khomo lija. Ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza m'kakhonde kopapatiza kuseri kwa holo, momwe amaunjikamo mipando yothyoka.

"Ndiye Mboni wako ndi ameneyu?" ndinakuwa. "Vulani magalasiwo, mayi, ndikuoneni nkhope! Mwadya zinsinsi za kwathu mwakhuta, tsopano mukufuna ndi mwamuna yemwe?"

"Chonde, tsitsa mawu," anatero Makutu.

"Usandigwire!"

Mkaziyo anavula magalasi pang'onopang'ono, n'kuwapinda.

"Usamukalipire mwana wa eni," anatero Amayi. "Kalipira ine."

Ndinakhala pa mpando wa miyendo itatu, ndipo Makutu anaugwira kuti ndisagwe. Kuseri kwa khoma anthu anali akuwombabe m'manja.

"Malume ako anali kuseri kwa chitseko chija," anatero Amayi. "Iwe tinangokuuza kuti ngozi ya kuntchito. Mlongo wa m'filimu uja ndine. Ndinawafunsa bambo ako patebulo lathu lodyera, maliro atangotha, kuti loko uja munamuona? Anandiyang'ana m'maso, wotchi n'kusamuka dzanja. Mwezi wotsatira anawakweza pantchito, tinalowa m'nyumba imene wakuliramo iweyo."

"Zaka zonsezi, Amayi?"

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikulemba nkhaniyi m'makope a sukulu, n'kumabisa pansi pa nsalu zosoka. Tepi bambo ako anaibisa m'sutikesi. Anauzidwa kuti aifufute, koma sanathe, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinakhalabe nawo. Tsiku la fani lija ndine ndinaitsitsa. Ndinamufunsa mnyamatayu ngati makina oonetsera matepi akale akadapezeka. Anakana kawiri kundithandiza, akuti ndiyambe ndakuuza iwe. Ndinamulumbiritsa kuti asatsegule pakamwa."

Ndinayang'ana Makutu. Anali atawonda m'masiku atatu okha, ndipo ndinachita manyazi mpaka ndinasowa poyang'ana.

"Nanga mumabwereranji Lachitatu lililonse? Simukuopa?"

"Ukuwamva anthuwo?" Amayi analoza khoma. "Pamaliro a mlongo wanga palibe ananena zoona. Anati antchito anasochera ndi utsi. Muno anthu osamudziwa n'komwe amamuimirira tsiku ndi tsiku. Ndimabwera kudzamva zimenezo."

Ndinawamvera chisoni, koma mtima unandipsanso.

"Nanga mawa? Bambo akupita kupolisi mawa m'mawa. Mukufuna Makutu akagone m'chitolokosi chifukwa cha makope anu?"

"Ndikagonako masiku angapo, zidzatha," anatero Makutu.

"Iwe khala chete! Zidzatha, ndiye amalume ako adzabwere kudzapempha mwana wa munthu amene anakumangitsa? Bambo sadzakulola kuponda pakhomo mpaka kufa."

Amayi anagwira dzanja langa.

"Kulemba ndinalimba mtima, mwana wanga, koma kuwayang'ana m'maso sindingathe. Akadziwa kuti ndine, banja latha, ndipo mankhwala a mtima aja amamwa ukuwadziwa. Ndipatse masiku ochepa ndipeze poyambira. Lero lokha usanene kanthu. Tsogola, ine ndibwera m'mbuyo ndi buku la nyimbo."

Sindinavomere, sindinakanenso. Makutu anandiperekeza mpaka pa basi. Tili m'njira ndinamugwira chala chimodzi chokha, chifukwa dzanja lonse ndinaona kuti sindikuyenera.

"Pepa," ndinatero.

"Unatchena bwanji pobwera kudzandisiya," anayankha, ndipo ndinaseka misozi ikutsika.

* * *

Bambo ndinawapeza pakhonde, dzuwa likupendeka. Patebulo panali kapu ya tiyi wozizira ndi kalata yolembera apolisi, yosainidwa kale, dzina la Makutu lili ndi mzere pansi. Padzanja pawo panalibe wotchi, panangotsala mzere woyererako pakhungu. Anaoneka okalamba, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndimawakondabe chimodzimodzi.

"Mnyamata wako wabweretsa tepi?"

"Ayi, Bambo."

"Ndiye mawa 8 koloko."

Ndikanatha kungolowa m'nyumba. Ndinafika mpaka pachitseko, koma dzina lija la mzere pansi linandibweza.

"Si iye, Bambo. Sanabe tepi yanu, ndipo sanalembe filimu ija. Ng'ambani kalatayo, ndapota nanu."

Bambo anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa mmene amayang'anira atolankhani awo.

"Lolemba unanena wekha kuti ndi iye analowa kuchipinda. Lero wabwera utatchena, maso ali ofiira, ukuti si iye. Chabwino. Ngati si iye, ndi ndani?"

Chibadwire sindinawanamizepo Bambo pa nkhani yaikulu. Ndinaganiza za Makutu m'chitolokosi, ndinaganizanso za pempho la Amayi.

"Sindikudziwa, Bambo."

Sankandiyang'ananso nkhope, ankayang'ana manja anga. Nditatsitsa maso ndinaona zala zanga zikumaliza kumanga lamba. Wotchi imene anandigulira okha inali kudzanja lamanja.

"Ndiye ukumudziwa," anatero Bambo motsitsa mawu.

Geti linalira. Amayi analowa ndi buku la nyimbo m'khwapa, nsonga ya mpango wakuda ikusuzumira m'chikwama.

"Mwakhala chete bwanji, anthu inu? Kwagwanji?"

Bambo sanacheuke. Anakankhira kalata ija kutsogolo kwanga, n'kuikapo cholembera pamwamba.

"Khalani pansi, mayi," anatero. "Mwana wanu akufuna kufufuta dzina ili, alembepo lina."